Dzino la Chimbalangondo

Ku nyumba yosamalira okalamba kumene Anti Getrude ankagwira ntchito, mano akasowa ankaitana iwowo. Musaseke. Mano oikirira a agogo achizungu aja amayenda: lero ali mu silipasi, mawa ali mumphika wa maluwa, mkuja ali m'kamwa mwa gogo wina amene akulumbira kuti ndi ake. Anti Getrude ankangoima pakhomo, kuponya maso uku ndi uko, kufunsa mafunso awiri atatu, basi mano apezeka. Amalawi a ku Ongar, dera lina la mumzinda wa Dublin, atamva mbiri imeneyi anawapatsa dzina loti a CID. Ndiye Lawson wa pa fulati yoyandikana atagogoda Lachisanu masana, n'kunena ali khuma kuti wabwera ndi nkhani ya dzino, iwo anayamba ndi kuseka.

"La ndani, lanu? Tayasamulani tione."

"La chimbalangondo, Anti."

"La chiyani?"

"Chimbalangondo. Chija timachionera pa TV."

Lawson anakhala pampando osauzidwa. Nkhani yake anaiyambira pakati, n'kulumphira kumapeto, n'kubwereranso, moti Anti Getrude anachita kuitolera ngati mpunga wotayikira pansi. Mkazi wake, Tisungane, anali atangopeza kumene ntchito pa sukulu ya pulaimale ya m'deramo, yothandiza ana ofunika chisamaliro chapadera m'kalasi. Anali adakali pa miyezi yomuyesa. Dzulo lake sukuluyo inatengera ana pa basi ku paki ya mapanga kunja kwa Dublin, kumene ana amavala zipewa zolimba n'kulowa pansi pa nthaka kukaphunzira za miyala, mileme ndi zilombo zakale. M'katikati mwa phangalo muli khoma la dothi, ndipo m'khomamo munamira dzino la chimbalangondo chimene chinafera mmenemo makedzana, dziko la Ireland lisanakhale ndi tchalitchi n'chimodzi chomwe. Masukulu onse amapitira dzino limenelo. Ana a ku Ongar polowa analiona. Pobwerera panali dzenje.

"Nanga Tisu zikumukhudza bwanji?"

"Kamera, Anti, ya mu shopu ya potulukira. Ikumuonetsa akukankhira chinthu m'chikwama, chokulunga mu sikafu, mkono wa jekete uli matope okhaokha. Gaidi wa kumeneko anamupempha kuti atsegule chikwama, anakana. Ahedi anamupempha, anakana, n'kuyamba kulira pamaso pa ana."

"Mwini wake akuti chiyani?"

"Akuti sanabe dzino. Walumbira atagwira Baibulo."

"M'chikwamamo munali chiyani?"

"Akuti si dzino."

"Ndafunsa kuti munali chiyani, a Lawson."

"Ndi zomwe ndakhala ndikumufunsa chidzukire, Anti. Monday ten o'clock kuli meeting kwa ahedi. Dzino likapanda kupezeka, a paki akupita kwa a Garda, apolisi a kuno. Dzina lake likangolembedwa kumeneko, vetting ija yomulola kugwira ntchito ndi ana yatha. Palibe sukulu, palibe creche, ngakhale kwanu kwa agogo sangamulembe. Ndiye mapepala athu tikukonzanso chaka chino."

 Anti Getrude anamudziwa Tisungane kuyambira ali ku hositelo ya othawa kwawo, mtsikana woti akatola ndolo ya munthu m'bafa amagogoda khomo ndi khomo. Komatu munthu wosalakwa satsekera chikwama pachifuwa.

Lawson anasuzumira kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Pali china. Mukudziwa kuti anapita padera kawiri. Masiku ano sachoka pa foni ndi amayi ake ku Mulanje, ndipo ndikalowa amadula. Ine ndikuopa kuti kumudziko wina wawauza kuti mankhwala ake ndi dzino la chilombo."

Anti Getrude anafuna kumukalipira, koma nawonso anali atayamba kale kuganiza zomwezo.

* * *

Mboni yoyamba inali m'nyumba mwawo momwemo, ikudya buledi wa jamu patsogolo pa TV. Kimberly, mdzukulu wawo, anali m'kalasi lomwe linapita ku mapanga. Mwana wobadwira ku Dublin ameneyu Chichewa ankamva chonse, mpaka miseche ya akuluakulu, koma kuyankha ankayankha m'Chizungu, mofulumira, ndiponso zambiri kuposa zimene wafunsidwa.

"Tandiuza za m'phanga muja, iwe."

Anayamba ndi chipewa chake chimene chinali chachikulu, n'kupita ku mileme imene sanaione, n'kufika pa mwala wooneka ngati nyama yankhumba. Anti Getrude anapirira.

"Kenako Fintan, gaidi wa ndevu uja, anatiimika pa chimbalangondo n'kunena kuti azimitsa magetsi onse kuti tione mdima weniweni. Anati aliyense atseke pakamwa timve madzi akudontha. Agogo, ndinaika dzanja pamphuno koma sindinalione. Ana ena anakankhana, tonse tinabwerera m'mbuyo. Ndiye ndinamva chinthu chikukanda, ngati khoswe. Ndinkaganiza kuti chimbalangondo chadzuka."

"Chikukanda mbali iti?"

"Kumbuyo kwanga. Kukhoma."

"Kumbuyo kwako kunali ndani?"

"Miss Tisu."

Anti Getrude anapuma mpweya wautali. "Magetsi atayaka ankatani?"

"Ankatafuna chingamu." Apa Kimberly anaika buledi pansi, chifukwa mlandu umene unamupweteka mtima unali umenewu. "Ife anatilanda chingamu chonse mu basi. Anati m'phanga n'zoletsedwa. Iwo n'kumatafuna, atayang'ana kukhoma kuti tisaone. Si chilungamo chimenecho, agogo."

"Unachiona chingamucho?"

"Ndinaona tsaya likuyenda. Ndiponso popita anasanza mu basi, dalaivala anachita kuima. Pobwera sanasanze. Ankangolira."

Anti Getrude mutu unaima. Akuba anawaonapo ambiri. Wina amatuluka thukuta, wina amalankhulitsa, wina amathandiza nawo kufunafuna mwakhama kuposa aliyense. Koma wakuba woti wangoba kumene n'kuyamba kutafuna, ameneyo sanakumane naye. Kapena mankhwala a ku Mulanje aja anali ndi chizimba choti utafune pomwepo? Anadzuma, n'kumuimbira Lawson kuti athire mafuta m'galimoto.

* * *

Loweruka kunacha ndi kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kosatha. Atafika ku paki, Lawson anangoona pakamwa pa phanga n'kunena kuti iye adikira m'galimoto, poti m'manda adzalowamo kamodzi kokha. Anti Getrude anavala chipewa cholimba pamwamba pa wigi, n'kufunsa za Fintan.

Anali bambo wamtali wowerama, wa ndevu zaimvi, amene ankalankhula ngati mawu akumuthamangitsa. Atamva kuti mayiwa ndi mnansi wa woganiziridwa uja, anayamba wauma nkhope. Kenako chisoni chinamuposa mkwiyo, ndipo anawatsogolera yekha.

Anatsika masitepe onyowa, kudutsa pa mabenchi pamene ana amakhala n'kumajambula miyala, mpaka pa chingwe chotchinga khoma.

"Apa," anatero m'Chizungu chake chothamanga, akuwalitsa tochi. "Ndinali mnyamata pamene anamupeza. Ndimati mayi, chifukwa akatswiri akuti chinali chachikazi, chinalowa muno kudzagona nyengo yozizira, mwina kudzaswa, sichinadzukenso. Sitinalizule dala dzinolo. Tinkafuna kuti ana alione pamene mwini wake analisiya. Ana a m'tauni amene sanaonepo ng'ombe amaima apa kukamwa kuli yasa. Taonani tsopano."

Anti Getrude anawerama. Dzenje lake linali lalikulu ngati chikhatho, ndipo m'mphepete munali mizere ya zala, yoyambira patali n'kukokera pansi.

"Dzinolo linali lalikulu bwanji?"

"Ngati chala changa chaching'ono. Koma kunja kunkaoneka kansonga chabe."

"Ndiye munthu wofuna kansonga akumbiranji dzenje lonseli?"

"Ndi zimene zikundisokoneza. Wakuba wodziwa akanabwera ndi kampeni. Uyu anachita kukumba ndi manja. Ndipo onani apa." Tochi inatsikira pansi pang'ono. Panali kadzenje kena kakang'ono, ka chala chimodzi, pamalo poti panalibe kanthu. "Apa ankafunapo chiyani?"

"Mu mdima umenewo munthu angalipeze dzinolo?"

"Ngakhale ine sindingalipeze, ndipo ndalowa muno moyo wanga wonse."

Anti Getrude anamuyang'ana m'mbali. Mawu amenewo akanatha kukhala oona, akanathanso kukhala a munthu wodzitchinjiriza asanafunsidwe. Wozimitsa magetsi anali iyeyu. Woyamba kuona dzenje anali iyeyu. Nanga mtsikana wakuda wa matope pamkono si wapafupi kumuloza chala?

"Magetsi amazimitsa ndani, bambo?"

Fintan anaseka kuseka kowawa. "Ndine, mayi. Ndipo ndimaima uko, dzanja pa switchi, n'kumalankhula kuti ana asaope. Funsani ana ngati mawu anga anasuntha. Mukufuna muone nokha?"

Asanayankhe, kunali bii.

Mdima wa kumudzi umakhala ndi nyenyezi, kapena kamoto ka mnansi patali. Uwu unalibe kanthu. Anti Getrude anamva madzi akudontha, mtima wawo ukugunda, ndipo poti maso analibe ntchito, mphuno inayamba kugwira yokha. Linali fungo la mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma ya kwawo ku Thyolo. Chifikireni ku Ireland sanalimvepo, dziko lonyowa chaka chonse limeneli. M'kamwa mwawo munadzaza malovu. Anakumbukira chaka chimene anali woyembekezera Walter, bambo ake a Kimberly, mmene ankazembera kuseri kwa khitchini ya apongozi n'kumakokota khoma ndi supuni, mpaka apongoziwo anaganiza kuti kwalowa chiswe.

Magetsi anayaka.

"Chonde, mayi," anatero Fintan, "musakhudze khoma."

Anti Getrude anayang'ana. Dzanja lawo linali litadutsa chingwe, zala zili padothi.

* * *

Pobwerera, ali m'galimoto, Anti Getrude anamutembenukira Lawson.

"A Lawson, kunyumba kwanu mukudya bwanji masiku ano?"

"Anti, nkhani ili pa Garda inu mukufunsa za kudya?"

"Tayankhani."

"Movutika. Anyezi analetsa, akuti akununkha. Pafyumu wanga anamutaya. Tiyi amene ankamwa ngati galimoto ikumwa mafuta, pano sakumufuna." Anagwira chiwongolero mwamphamvu. "Ndipo Thursday pomwe anabwera, anayatsa uvuni. Nyumba yonse kununkha ngati pa uvuni wa njerwa. Nditalowa ku khitchini anandithamangitsa. Mwaonatu, Anti? Amakazinga mankhwala."

Anti Getrude anangoyang'ana nkhosa kunja kwa zenera. Mwamuna uyu zonse anali nazo m'manja koma osaona kanthu. Kumuuza sakanamuuza. Lawson anali munthu wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Ulendo wapitawo, mkazi wake atangomunong'oneza, dzuwa lisanalowe uthenga unali kale pa gulupu ya tchalitchi ndi zithunzi za mabaluni. Patapita masabata ochepa, Tisungane ali chigonere pabedi wopanda kanthu, mafoni omuyamikira anali akubwerabe kuchokera ku Cork ndi ku Joni.

Koma mtima wawo sunakhazikike. Ngati mwanayo anatenga dothi lokha, nanga dzino lili kuti? Fintan? Mwana wina? Mphunzitsi? Ankati akagwira mbali iyi, inayo n'kupulumuka.

* * *

Lamulungu m'mawa Anti Getrude anadikira pazenera mpaka Lawson atatuluka ndi suti yake ya kwaya, ndipo anawoloka khonde. Tisungane anatsegula atavala gauni, maso atatupa. Anawapatsa mpando ku khitchini, n'kuima chotsamira sinki, manja atapinda, kudikira mafunso amene aliyense anali atamufunsa kale.

Anti Getrude sanafunse. Anatambasula dzanja.

"Ndigawireko."

"Chiyani, Anti?"

"Ndalowamo dzulo m'phanga muja, mwanawe. Ndalimva fungo lake. Ndigawireko."

Tisungane anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.  Anagwada, n'kutulutsa chitini cha mabisiketi kuseri kwa mapoto. M'katimo munali zibuma za dothi lotuwa, zowotcha bwino, china chitalumidwa m'mbali.

"Musatchule, Anti. Ndapota nanu, musatchule."

"Ndatchula chiyani ine?"

"Kawiri konse kunali kutchulidwa. Koyamba ndinawauza anzanga ku hositelo. Kachiwiri mukudziwa. Amayi akuti ulendo uno nditseke pakamwa mpaka anthu aone okha ndi maso. Akuti ngakhale bambo a m'nyumba muno asamve. Kaya n'zoona kaya si zoona, ine sindikudziwa, Anti. Ndinapita kusukulu, za madokotala ndimazidziwa. Koma sindingayesenso kachitatu."

Anti Getrude anamva chisoni chachikulu, chosakanikirana ndi mkwiyo umene sankadziwa woulozera.

"Ndikanatsegula chikwama chija," anapitiriza Tisungane, "akanafunsa kuti dothi n'lachiyani. Ndikanayankha chiyani pamaso pa ana ndi aphunzitsi? Lija amagulitsa mu shopu ya a ku Nigeria ndinaliyesa, likumveka sopo. Ndiye nditangolowa m'phanga muja, fungo lija. Ndinalimbana nalo njira yonse. Magetsi atazima ndinangoti ndilaweko ndi chala. Nditalawa, dzanja linapita lokha."

"Unkadziwa pamene unaima?"

"Ana anandikankhira m'mbuyo. Ndinkangodziwa kuti pali khoma. Koma dzino sindinalikhudze, Anti. Ndilumbire chiyani kuti anthu andimve? Dothi ndinatenga, ndine wolakwa. Dzino ayi."

Ankanena zoona, zimenezo zinali poyera. Ndiye kuti wakuba anali wina, amene anapezerapo mwayi pa mdima womwewo, pa khoma lomwelo, pa dzenje lomwelo. Anti Getrude anaima pamenepo. Dzenje lomwelo? Kuntchito kwawo anaphunzira chinthu chimodzi: mano akasowa, usayambe ndi kufunsa amene anawafuna, yamba ndi kufunsa chimene chinachoka m'chipindamo. Thireyi, nsalu za pabedi, mbale ya phala.

"Bweretsa mpeni."

Anayamba ndi zibuma zing'onozing'ono. Zinafumbutuka, munalibe kanthu. Chachikulu chija, cholumidwa m'mbali, anachiika pa thabwa lodulira ndiwo n'kuchimenya ndi chigwiriro cha mpeni. Chinang'ambika pakati. Kanthu kofiirira, kopindika, kotalika ngati chala, kanagubuduka pa tebulo n'kukaima pa botolo la mchere.

Onse awiri anakayang'ana.

"Mayo ine," anatero Tisungane motsitsa. "Ndagwira Baibulo, Anti."

"Unagwira usakudziwa."

"Ndiye kuti ndine wakuba."

"Ndiwe munthu amene anatapa dothi mu mdima. Khala pansi."

Koma atakhala pansi, njira sinaoneke. Kuliponya mu envelopu n'kulitumiza mwachinsinsi sikukanafufuta kamera. Kulibweza pamaso n'kungoti pepani kukanakhala kuvomera kuba. Chomupulumutsa chinali chimodzi chokha, kunena chifukwa chake, ndipo chimenecho ndi chomwe sakanachita.

"Ntchito ipite," anatero Tisungane, dzanja lili pa lamba wa gauni. "Mapepala apite. Sinditchula."

Kwa nthawi yoyamba chiyambireni u-CID wawo, Anti Getrude anapeza dzino koma osadziwa kolowera nalo.

* * *

Lolemba, mu ofesi ya ahedi munali anthu anayi. Mayi Keaveney, ahediwo, anali mzimayi wa tsitsi lalifupi ndi magalasi olendewera pa chingwe, wosataya mawu. Fintan anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili pa bondo. Tisungane anayang'ana pansi. Lawson anatsala pa benchi ya pakhonde, pakati pa zojambula za ana za mileme ndi zimbalangondo za mano aataliatali.

Anti Getrude anaika chitini pa desiki, n'kufunyulula kansalu. Fintan anaimirira. Analinyamula dzinolo ndi manja awiri, kulitembenuza, kuliyang'ana pawindo.

"Ndi lomweli. Lili bwino. Koma latenthedwa ndi chiyani?"

"Linali m'kati mwa dothi ili," anatero Anti Getrude m'Chizungu chawo cha kuntchito. "Sankadziwa. Talipeza dzulo."

Mayi Keaveney anavala magalasi, n'kusuzumira m'chitini. "Dothi. Lowotcha. Tisungane, ndikufuna kukuthandiza, koma sindikumvetsa. Wogwira ntchito wanga wakumba khoma lotetezedwa ali ndi ana m'manja, wakana kutsegula chikwama, ndipo chinthu chosowa chapezeka kunyumba kwake. Ndipatse chifukwa chimodzi choti ndiwauze a paki kuti uku si kuba. Unatengeranji dothi?"

Tisungane anangopukusa mutu. 

"Ndinamutuma ndine," anatero Anti Getrude.

Onse anawatembenukira.

"Ine ndimadya dothi. Kwathu timadya. Ndinamuuza kuti akandibweretsereko." Ndipo pofuna kuti bodza likhale ndi miyendo, anatola kachibuma n'kukaponya m'kamwa.

Abale, zinthu zina zili ndi nyengo yake. Chimene chinkakoma ngati uchi kuseri kwa khitchini ya apongozi chinali tsopano fumbi lokhalokha. Linamatirira kumano, linatseka kummero, ndipo a CID a ku Ongar anatsokomola mpaka misozi, wigi itapendekeka. Fintan anathamangira madzi.

Koma Mayi Keaveney sankayang'ana iwo. Ankayang'ana Tisungane, amene maso ake anali atatsatira kachibuma kaja kuchoka m'chitini mpaka pakamwa, n'kumeza malovu mosazindikira, dzanja limodzi lili pansi pa batani la jekete. Ahediwo anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Bambo Fintan, tatipatsaniko mphindi zochepa. Tengani dzino lanu. Chitinicho tenganinso."

Fintan anaima pachitseko. "Dzino labwera, ndathokoza. Koma khoma lija silidzabwerera mmene linalili."

"Ndikudziwa. Ndibwera ndekha kudzalankhula ndi akuluakulu anu."

Chitseko chitatsekeka, Mayi Keaveney anayang'ana pawindo kanthawi.

"Ine anali malasha," anatero. "Ulendo uliwonse. Mwamuna wanga anandipeza mu shedi, milomo ili bii, ndikunama kuti ndimasesa."

Tisungane anadzidzimuka. "Chonde, musa..."

"Sindinanene kanthu. Ndikungokamba za malasha." Anatsegula kabati n'kumupatsa tishu. "Chenjezo ulandira, chifukwa unakhudza khoma, ndipo mwina sukulu yathu sadzailolanso kumeneko chaka chamawa. Zimenezo uzisenza. Kwa a Garda sikupita munthu. Mawa ubwere kuntchito, koma kunyamula ana wasiya kuyambira lero, ndipo sabata ino ukaonane ndi dokotala akuyeze magazi. Ukamuuze za dothilo. Iyeyo ndiye umuuze, sauza munthu."

Tisungane anagwedeza mutu, misozi ikugwera pa jekete. Anti Getrude ankafuna kuthokoza, koma kummero kunali kudakali dothi.

Pakhonde anapeza Lawson ataimirira, atasokonezeka kuposa mmene anabwerera Lachisanu.

"Mzungu uja watuluka ndi chitini chathu cha mabisiketi. Akuti muli dothi. Dothi, Anti? Ndiye kuti si mankhwala? Nanga dothi n'lachiyani? Munthu wamkulu n'kumadya dothi ngati..."

Anaima. Anayang'ana mkazi wake kumaso, kenako pa jekete. Anyezi, tiyi, pafyumu, zonse zinkaoneka zikufika chimodzichimodzi pankhope pake. Pakamwa panatseguka, maso anadzaza misozi, ndipo dzanja, mwachizolowezi chake, linalowa m'thumba n'kutuluka ndi foni.

Tisungane anagwira mpweya.

Anti Getrude anaitsomphola foniyo, n'kuiponya m'chikwama chawo, n'kutseka zipi.

"Mudzaitenga tikadzamva kulira," anatero.

Lawson anayang'ana chikwamacho, n'kuyang'ananso mkazi wake. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka, ndipo anatuluka pa geti ya sukulu ali chigwirire choncho.